Usanalembe mapu a Makhonjwa

Wokondedwa mwana wanga,

Mayi ako andiuza kuti mwezi wamawa ukutumizidwa kukalemba mapu a miyala kumapiri a Makhonjwa, kuseri kwa tauni ya Barberton ku South Africa. Ine ndinathera nsapato m'mapiri amenewo ndikunyamulira akatswiri a miyala matumba a masampulo, ndiye ngakhale digiri ili ndi iwe, unditchere khutu pang'ono.

Mndandanda wa magulu a miyala ya kumeneko ukuudziwa. Pansi pali Onverwacht, chiphalaphala chouma cha zaka pafupifupi 3.5 biliyoni, momwe muli mwala wa komatiite uja amene abale awiri a Viljoen anamutcha dzina la mtsinje wa Komati mu 1969. Kenako Fig Tree, matope ndi mchenga wakuda wa m'madzi akuya. Pamwamba Moodies, mchenga ndi nsangalabwi za m'mbali mwa nyanja, za zaka 3.2 biliyoni. Papepala zayalana bwino ngati mphasa. Paphiri sudzazipeza choncho ayi. Miyalayo inapanidwa, inapindika, inang'ambika m'malo ngati Inyoka Fault, ndipo mwala wa Kaap Valley potumphuka pansi unaikankha. Yambiri yaima chilili, ina inagadabuka, mwala wakale kugonera wobwera pambuyo.

Choncho usalembe kanthu usanapeze kumene kunali kumwamba kalelo. Pa chiphalaphala yang'ana mapilo aja, miyala youmbika ngati mitsamiro: msana wozungulira umaloza kumwamba, kansonga kamalowa pansi pakati pa mapilo awiri. Mu Fig Tree papasa ndi chala, mchenga wokhakhala unayamba kukhazikika, wosalala unabwera pambuyo. Ndipo mwala umodzi usakukhutiritse. Yenda masitepe makumi asanu uonenso, chifukwa ukadutsa pakati pa mpindo, kumwamba kumatembenuka iwe osazindikira.

Izi ndikunena ndi manyazi. Chaka china mnyamata wophunzira bwino anawerenga miyala chadodolido, tinaboola milungu itatu kulondola mwala umene unali kumbuyo kwathu. Mapilo ndinali nditawaona tsiku loyamba lomwe, koma ndinati wonyamula matumba ndani kuti atsutse bwana. Iyenso sanandifunse. Amene adzakunyamulire matumba uziwafunsa, makamaka achikulire, ndipo uziwafunsa muli awiri, pagulu sadzakuyankha.

Akadzayamba kukukakamiza za golide, kumbukira kuti golideyo anabwera mochedwa, miyala itapindika kale, ndi madzi otentha odutsa m'ming'alu. N'chifukwa chake ku mgodi wa Sheba, kumene Edwin Bray anapeza golide pamalo otchedwa Golden Quarry mu 1885, anthu amalondola mng'alu wa pakati pa mipindo ya Eureka ndi Ulundi.

Chifunga cha kumeneko chimatsika mwadzidzidzi, kampasi ndi jekete zisachoke m'chikwama. Ndinkafuna unditengere kachidutswa ka komatiite, koma kuyambira 2018 mapiriwo ali m'kaundula wa malo otetezedwa wa bungwe la UNESCO, ndiye pamsewu wa ku Bulembu hamala isatuluke. Ungondijambulira chithunzi, uike cholembera pambali ndione kukula kwake. Mayi ako akuti uziimba Lamulungu.

Ndine bambo ako.