Mlongoti womwe munatibweretsera ndi wophwanyika, bwerani mudzauone

Kwa inu a kampani yomwe munatiitanitsira mlongoti wa boti kuchokera ku Joni,

Ndalemba pagulu pano chifukwa njira zina zonse mwazitseka. Foni simukuyankha, pa WhatsApp mumawerenga n'kukhala duu, ku ofesi kwanu amangoti abwana atuluka. Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa nokha, koma nkhaniyi ndiifotokoza yonse kuti anzathu amene ali ndi maboti a matanga panyanja yathu aimve.

Boti lathu la mpikisano, lotalika mamita 8, linathyoka mlongoti chaka chatha pakati pa Senga Bay ndi Nkhotakota. Waya wa m'mbali unaduka mwera uli pachimake, mlongoti wa aluminiyamu n'kupindikira m'madzi ndi thanga lomwe. Mwamwayi palibe anavulala. Titakhala pansi ndi anzanga amene timayendetsa nawo botili, tinagwirizana kuti tigule wa carbon fibre, wopangidwa ndi ulusi wolimba wa carbon. Aliyense wa matanga amadziwa kuti kulemera kwa pamwamba kumawonjezera kupendekeka kwa boti ndi kuligwetsa mphuno m'mafunde, ndipo mafunde a mwera ndi afupiafupi, otsatana, sapatsa boti mpata wopuma. Mlongoti wa carbon ndi wopepuka kuposa wa aluminiyamu, sugwedera wamba, choncho thanga limagwira mphepo bwino. Kuti ndi wodula tinkadziwa, ndipo tinasonkherana mpaka ndalama inakwana.

Pa kotesheni yanu, yomwe ndikuisungabe, munalemba kuti mubweretsa mlongoti wa mamita 11 ndi ma spreader ake (timikono topingasa totambasula mawaya a mbali zonse ziwiri), mawaya atsopano onse, bokosi lamatabwa loutetezera panjira, inshuwalansi ya paulendo, komanso mmisiri wodziwa carbon woti adzauimike. Munalonjeza kuti zonse zitha mpikisano wa Lake Malawi Yachting Marathon usanafike mu Julaye. Ndalama tinalipira zonse, ndi ya msonkho wa pachipata yomwe.

Bokosi lija sitinalione. Mlongoti unabwera pa thiraki ya katundu wosakaniza, utakulungidwa m'mapulasitiki ndi mabulangete, utagona pa mapaipi achitsulo, ndipo anaumanga ndi malamba aja okoka ndi chitsulo mpaka kulimba gwa. Wayenda choncho kuchokera ku Johannesburg, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kulowa pa Mwanza, mpaka ku Salima. Amene anayendapo msewu umenewu akudziwa mmene katundu amadumphira kumbuyo kwa thiraki.

Titamasula mapulasitiki, pansi pang'ono pa malo omangira ma spreader tinapeza chidindo cha lamba, penti itang'ambika timizere ting'onoting'ono. Ndinatenga ndalama yachitsulo n'kuyamba kugogoda kuchokera kumunsi kukwera m'mwamba. Paliponse ukulira ngwee, ngwee, koma pofika pamalopo, potalika ngati chikhatho, unayamba kumveka phu, phu. Dalaivala wanu anali pomwepo, anamva yekha, ndipo kanema wake ndinakutumizirani tsiku lomwelo.

Yankho lanu linali lakuti ndi penti chabe, tipakepo ina tizipita. Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, abwana, chifukwa ngati mumagulitsa zinthu zimenezi muyenera kuzidziwa kuposa ine. Aluminiyamu akavulala amaonetsa: amapindika, amabonyoka, munthu umaona ndi maso n'kuchenjera. Carbon sachita choncho. Mlongoti wotere ndi nsalu za ulusi wa carbon zosanjikizana, zomatidwa ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy. Ukaufinya pamalo amodzi, nsalu zija zimalekana m'kati, kunja kukuonekabe bwinobwino. Zili ngati nsungwi yomwe ngolo yaiponda: poiona ili yathunthu, koma ukangoisenzetsa katundu imasweka. Tsono mlongoti nthawi zonse umakhala ukukanikizidwa pansi ndi mawaya omwe amaukoka mbali zonse, ndipo pa ma spreader ndi pamodzi mwa malo amene mphamvuyo imasonkhana. Pamalo povulala ngati pamenepa supindika pang'onopang'ono kuti mutsitse thanga. Umaphulika kamodzi, ndipo zidutswa zake ndi zakuthwa zoti zikhoza kung'amba munthu.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, munatitumizira mmisiri. Munthu waulemu ndithu, sindikumunyoza, koma anavomera yekha kuti ntchito yake ndi yowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo carbon anali asanaigwirepo. Zitsulo zomangira ma spreader zomwe munatumiza sizinagwirizane ndi mlongoti, waya wakutsogolo unali waufupi. Iye atakuimbirani, munamuuza kuti achotse zitsulo za pa mlongoti wakale uja n'kuzimangirira pa watsopano. Pamene ndinkafika kugombe anali ataboola kale mabowo ndi dirilo wamba, m'mphepete mwa mabowomo ulusi uli nyankhalala. Pa carbon saboola paliponse. Malo oboola amawakhuthalitsa kufakitale ndi nsalu zowonjezera, chifukwa bowo lililonse limadula ulusi womwe ukunyamula katundu. Komanso aluminiyamu akakhudzana ndi carbon pamalo onyowa amadyeka, n'chifukwa chake amisiri amaikapo chotchinga pakati pake. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, kudyekako kumachedwerapo, koma sikulephera kuchitika. Mmisiri uja anangokhomerapo timisomali ta rivet ta aluminiyamu popanda chilichonse pakati.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi kalata yanu yomaliza. Mwalemba kuti galanti yatha mphamvu chifukwa mlongoti unabooledwa. Anaboola ndani? Anamutuma ndani? Uthenga womwe munamulamula kuti atero uli mufoni mwake, ndipo anandionetsa. Mwalembanso kuti za kuwonongeka panjira tikafunse a thiraki. Ife sitinapangane ndi a thiraki, tinapangana ndi inu, ndipo ndalama ya bokosi ndi ya inshuwalansi tinapereka m'manja mwanu. Pepala la inshuwalansiyo ndalipempha mobwerezabwereza, mpaka lero silinaoneke. Ngati simunadule inshuwalansi, nenani poyera, tidziwe pomwe tili.

Palinso manambala osonyeza mmene mlongoti umapindikira ukakokedwa, amene wosoka matanga amawafuna kuti adule thanga lalikulu mogwirizana ndi mlongoti watsopano. Amenewonso simunatipatse, ndipo wosoka uja akungodikira.

Mpikisano wa chaka chino watidutsa. Anzathu ananyamuka kummwera kwa nyanja kulowera kumpoto, ulendo wa makilomita oposa 500, ife boti lili pamtunda. Zimenezo zinatipweteka, koma si zimene zandilembetsa. Chandilembetsa n'chakuti munatilangiza kuti tiimike mlongoti umenewu n'kulowa nawo m'madzi. M'boti lathu mumakwera anyamata a ku Senga Bay kuno, ena ali ndi mabanja ndi ana aang'ono. Pakati pa Nkhotakota ndi Likoma pali malo amene gombe silioneka n'komwe, ndipo nyanja imeneyi kumpoto kwake imazama mamita pafupifupi 700. Mwera ukakula, thandizo silifika msanga. Ine sindingakweze mwana wa munthu pansi pa mlongoti womwe ndaumva ndi makutu anga kuti ndi wophwanyika m'kati, ndipo zandidabwitsa kuti inu munaona ngati n'zotheka.

Chomwe tikufuna si chachilendo. Tumizani katswiri woima payekha, wosakhala wa kampani yanu, adzaupime mlongotiwu ndi makina a ultrasound ounika zam'kati, kapena muutengere nokha komwe kuli makinawo, ulendo uno uli m'bokosi. Akapeza kuti ungakonzedwe, aukonze amene anaupanga, ndipo atipatse kalata yotsimikiza kuti malo ofinyika aja ndi mabowo aja abwerera mphamvu yake. Akapeza kuti sungakonzedwe, mutibweretsere wina kapena mutibwezere ndalama zathu zonse, kuphatikizapo ya bokosi lomwe silinabwere. Zoti tigawane mtengo wokonzera, monga munanenera pa foni tsiku lija, sitivomera, chifukwa palibe chimene ife tinawononga.

Anzanga a maboti amene mukuganiza zoitanitsa mlongoti wa carbon, musasaine pepala lolandirira katundu musanamasule zokutira zonse ndi kugogoda mlongoti wonse dalaivala ali pomwepo, ndipo pepala la inshuwalansi mulione thiraki isananyamuke ku Joni.

Inu a kampani, mlongoti wanu uli ku Salima, tauika pamthunzi, sitinaukhudzenso. Malisiti, kotesheni, zithunzi ndi kanema zonse zilipo. Mwezi uno ukatha musanabwere kudzauona kapena kutiyankha molemba, nkhaniyi tikaitula ku bungwe la boma loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, ndipo loya wathu akulemberani.