Achimwene, za njinga yamoto ya mdala ija

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg konko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Chilomoni tilipo ndithu, kungoti dzuwa lafika povuta, ndipo aliyense maso ali kumwamba kudikira mvula yodzalira.

Uthenga wanu ndinaumva. Mukuti mutumize ndalama kuti ndikawagulire mdala njinga yamoto ku Limbe, asamazunzike ndi maminibasi pochoka ku Chirimba kupita kumunda ku Lunzu. Mtima wanu ndauona, ndipo sindikukana kutumidwa. Koma mdala ndi bambo anganso, nsima ya pakhomo pawo ndinakulira, choncho mundilole ndinene zomwe zandisowetsa tulo.

Blantyre amene munamusiya si ameneyu. Njinga za kabaza zadzaza paliponse, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Machinjiri, ma Lifan ndi ma King Lion okhaokha. Anyamata ambiri amaphunzirira pabwalo la mpira, mawa lake ali pamsewu atakweza anthu atatu, kulowerera kumanzere ndi kumanja komwe. Sindiwanyoza, akusaka chakudya cha ana awo. Koma msewu umene mdala azidzayendamo ndi womwewo, kudutsa pa Kameza n'kulowa mu M1, momwe mathiraki opita ku Mwanza ndi ku Lilongwe amathamanga, ndipo pa Lunzu minibasi imangoima pomwe yaona munthu.

Ndikudziwa chomwe adzayankhe. Adzati, "Ine ndinayendetsa njinga yamoto inu musanabadwe, ndili mlangizi wa zaulimi." N'zoona, ndipo n'chimene chikundiopsa kwambiri. Mtima umakumbukira kuti unkatha, pamene manja, maso ndi khosi zinasintha mwakachetechete. Nthawi imeneyo ankayenda m'misewu ya fumbi ya kumudzi, mokumana ndi ngolo ndi mbuzi. Lero zaka zawo zadutsa 65.

Taganizirani izi. Njinga ikamathamanga makilomita 60 pa ola, pa sekondi imodzi yokha imakhala itadutsa mamita pafupifupi 17. Munthu akachedwa sekondi imodzi kuona kuti galimoto ya kutsogolo yaima, mamita amenewo apita asanagwire n'komwe buleki. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti njinga iime mabuleki atagwidwa umawirikiza kanayi. Ukalamba umadya sekondi imeneyi. Khosi limauma, munthu satembenuka mokwanira kuona chomwe chikubwera m'mbali. Maso akayamba ng'ala, nyale za galimoto yobwera kutsogolo usiku zimathobwa m'maso mwakuti dzenje kapena munthu woyenda pansi saoneka. Mdala amamwanso mankhwala a BP ndi a shuga. Akalawirira kumunda asanadye, shuga atha kutsika ali pamsewu, chizungulire n'kuwagwira. M'minibasi munthu angathe kutsamira mpando. Panjinga palibe potsamira.

Koma chachikulu ndi kugwa kwenikweniko. Mnyamata wa zaka 20 akagwa pamchenga wa m'mbali mwa msewu amasupuka pachigongono, n'kudzuka, n'kusasa fumbi, ulendo n'kupitirira. Kugwa komweko kwa munthu wamkulu kumathyola nthiti kapena fupa la m'chiuno, chifukwa mafupa amakhala atafooka. Nthiti zikathyoka munthu amaopa kutsokomola ndi kupuma mokoka mpweya chifukwa cha ululu, ndiye chibayo chimapezerapo mwayi. Chiuno chikathyoka ndi miyezi ali chigonere, zilonda za pamsana n'kuyamba, ndipo ena sayendanso ngati kale. Amene adzavutike kuwatembenuza ndi kuwasambitsa ndi amayi, omwenso miyendo ikuwavuta kale.

Za m'mutu ndiye zimabisala. Munthu akamakula ubongo umanyala pang'ono, ndipo timitsempha tolumikiza ubongo ndi chigaza timakokeka, mwakuti kugunda mutu pang'ono chabe kutha kudula kamodzi, magazi n'kumadontha pang'onopang'ono m'kati. Kutchalitchi kwathu kuli bambo wina wachikulire amene anagwa panjinga pafupi ndi kunyumba kwake, n'kudzuka yekha akuseka. Patapita masabata angapo mutu unayamba kumupweteka, kuiwalaiwala, mwendo wina kukoka. Achibale ena ankati ndi sitiroko, ena ankaloza zala anthu oyandikana nawo. Kuchipatala atamujambula m'mutu anapeza magazi ataundana, ndipo anapulumuka chifukwa cha opaleshoni. Munthu amene amamwa asipirini tsiku ndi tsiku, kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana, ngozi imeneyi imamukulira. Muwafunse amayi ngati pa mankhwala a mdala pali oterowo.

Tsono pempho langa ndi ili. Njinga isakhale yoyamba kugulidwa. Tiyambe ndi maso. Ku Queens kuli chipatala cha maso cha Lions, ndipo ndine wokonzeka kupita nawo ndekha. Ngati ndi magalasi, tigule. Ngati ndi ng'ala, amachotsa, ndipo anthu amaonanso bwino. Tikatero tikaonane ndi adokotala awo a shuga, tiwauze poyera kuti bambowa akufuna kumayendetsa njinga yamoto, timve chomwe anene.

Helemeti mugule konko, yeniyeni, yophimba mutu wonse mpaka chibwano. Ndidzawayeza mutu ndi tepi ya telala n'kukutumizirani muyezo, chifukwa yokhwepa imavuka munthu asanafike pansi. Kuno ambiri amavala zipewa za amisiri omanga nyumba, ena amavala helemeti osamanga lamba wake, kungofuna kudutsa pa apolisi. Zapakaunjika nazo sindizikhulupirira, pakuti helemeti yomwe inamenyekapo kale imakhala itafooka m'kati ngakhale kunja ikuwala. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO ananenapo kuti helemeti yovalidwa bwino imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Muikemonso magolovesi, jekete yolimba ndi kavesiti konyezimira kaja. Nsapato zikhale zotseka mpaka m'kakolo, osati nkhwaira zomwe amakonda kupita nazo kumunda.

Laisensi tikonze ku Road Traffic, inshuwalansi ku kampani ya inshuwalansi, monga mwa lamulo, ndipo apite kusukulu yoyendetsa ngakhale anyinyirike. Ndikufuna wina akawaonetsenso kagwiridwe ka mabuleki. Anthu ambiri kuno amaopa buleki ya kutsogolo, amati imagwetsa, n'kumangoponda ya kumbuyo yokha, chonsecho mphamvu yaikulu yoimitsa njinga ili kutsogolo. Chofunika n'kuifinya pang'onopang'ono pamodzi ndi ya kumbuyo, osati kuitswanya kamodzi. Njinga yake ikhale yaing'ono, yopepuka, yoti akakhala mapazi onse awiri afike pansi bwinobwino, ndipo nyale iziyaka ngakhale masana kuti madalaivala aziwaona.

Pali zina zoti agwirizane nafe asanalandire makiyi. Dzuwa likamapendeka akhale atafika kale ku Chirimba. Mvula ikayamba aime pakhonde la sitolo, makamaka mvula yoyambayi, imene imasakaniza fumbi ndi mafuta a pa tala msewu n'kuterera ngati therere. M'miyezi ya June ndi July chiperoni chikaphimba, adikire kuyere. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 lisakwere kumbuyo, chifukwa limapepula tayala la kutsogolo pa zitunda zathuzi. Amayi asakwezedwe kufikira manja atazolowera. Ndipo tsiku lomwe akumana ndi anzawo n'kulawako, njinga igone komweko.

Mawu amenewa ine ndekha sangandimvere, adzati mwana wa dzana akundiphunzitsa. Muwaimbire inuyo, modekha, amayi ali pomwepo, ndipo musayambe ndi zaka zawo. Muwauze kuti misewu ndi imene yasintha, ndi kuti adzukulu akufuna kudzawapeza ali ndi mphamvu pa Khirisimasi. Akakana kukayezetsa maso, kapena adokotala akati ayi, ine njinga sindikagula, ndipo mundikhululukire pamenepo. Ndalamazo tidzapeza wa kabaza mmodzi wokhwima maganizo, wa laisensi, woti tizimulipira pamwezi kuti aziwatenga, iwo atavala helemeti yawoyawo.

Loweruka ndipita ku Chirimba ndi tepi ija. Mukhale mutawaimbira lisanafike, kuti ndisakayambe ndine. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu,
wa ku Chilomoni