Chilengezo: Mapulani a m'midzi afike ku khonsolo Disembala asanathe

Mafumu athu, amayi ndi abambo a m'makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'madera a mafumu aakulu (ADC),

Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo. Pulani yofika ku khonsolo mu Malichi imapeza bajeti yakonzedwa kale, ndiye imangogona m'kabati. Tikupempha kuti VDC iliyonse imalize kukambirana ndi anthu, ADC isanje zofunikazo ndi kuzitumiza Disembala asanathe. Sankhani zinthu zitatu zokha. Mndandanda wa zinthu makumi awiri umapatsa mpata ena kukusankhirani.

Kope limodzi la pulaniyo lipite kwa khansala. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapereka mphamvu ku makhonsolo, koma kuyambira 2005 mpaka 2014 kunalibe makhansala, ndipo ambiri tinazolowera kungodikira DC kapena phungu. Pamsonkhano wa khonsolo mafumu amalankhula koma savota. Khansala amavota.

Pa mijigo ndi pamene timaluza kwambiri. Mjigo umodzi umayenera kutumikira anthu 250. Pampu ya Afridev, yopopa ndi manja pa mjigo, kawirikawiri imafa chifukwa cha timphira tam'kati totsika mtengo, tomwe timatha ndi kupopa. Komiti ikapanda kusonkhetsa ndalama mwezi ndi mwezi, kamphira kakatha amayi amabwerera kudambo. Musapemphe mjigo musanasankhe komiti, msungichuma ndi wokonza pampu.

Ntchito ikayamba, funsani dzina la kontalakitala, mtengo wake ndi tsiku lomaliza. Lamulo lopezera nkhani, lomwe limakupatsani ufulu wofunsa zoterezi ku maofesi a boma, lakhala likugwira ntchito kuyambira 2020. Musasayine kuti ntchito yatha musanapope madzi nokha, kapena musanaone denga la sukulu mvula ikugwa.

Alembi abweretse mabuku a maminitsi ku msonkhano wathu wotsatira.