Belo pa mlandu wakupha pomwe palibe anaona ndi maso

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za belo kwa anthu oganiziridwa kuti anapha munthu pomwe palibe mboni yoona ndi maso. Milandu yotere ilipo yambiri. Mtembo wapezeka kudimba m'mawa, apolisi agwira amene anaoneka komaliza ndi malemu kumowa, kapena amene anakangana nawo za malire a munda, kapena amene wapezeka ndi foni yawo. Munthuyo amalowa m'chitokosi, kenako ku Maula kapena ku Chichiri pa rimandi, ndipo abale amangouzidwa kuti mlandu wakupha ulibe belo. Izi si zoona.

Gawo 42(2)(e) la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa atulutsidwe, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Mu 2005, pa mlandu wa Fadweck Mvahe, khoti la apilo linagamula kuti ndi boma lomwe liyenera kupereka zifukwa zomusungira munthu, ngakhale pa mlandu wakupha. Kungoti belo yamtunduwu amapereka ndi khoti lalikulu lokha, majisitireti alibe mphamvuyo.

Chomwe chimandiwawa ndi zikalata zolumbira zomwe a boma amabweretsa potsutsa belo. Nthawi zambiri zimangoti mlanduwu ndi waukulu, woganiziridwayo athawa, kafukufuku akupitirira. Koma pamlandu wa zizindikiro chabe, wopanda mboni yoona ndi maso, khoti lingapeze munthu wolakwa pokhapokha zizindikiro zonsezo zikuloza iye yekha, popanda njira ina yomveka yofotokozera imfayo. Tsono jaji afunse: malemu anaoneka ndi munthuyu nthawi yanji, nanga mtembo unapezeka patatha maola angati? Ngati padutsa usiku wonse, mpata woti wina anachita zimenezi ndi waukulu. Lipoti la dokotala wopima mtembo lilipo, ndipo likuti chinawapha n'chiyani? Foniyo anaigula kwa wina, ndipo wogulitsayo anafunsidwa? Magazi a pa malaya anapimidwa kapena angoganiziridwa? Sindikuti jaji azenge mlandu wonse pa tsiku la belo, ayi. Koma lamulo la belo la mu 2000 limatchula mphamvu ya umboni wa boma ngati chimodzi choyezera ngati munthu angathawe. Umboni ukakhala wofooka, chomuthawitsa chimachepa.

Ndivomereze kuti zizindikiro zina zimakhala zolimba kuposa mboni imodzi yomwe inaona mumdima. Komanso mlandu wotere umatsamira pa anthu awiri kapena atatu a m'mudzi momwemo, oti mmodzi akaopsezedwa n'kusintha mawu, mlandu wagwa. Mantha amenewa ndi enieni, pamodzi ndi mkwiyo wa anamfedwa. Yankho lake nthawi zambiri ndi kuika malire pa belo: akakhale kwa mbale wake kuboma lina, asayankhule ndi mboni, apereke pasipoti ngati ali nayo, azikaonekera kupolisi pa masiku oikika.

Abale a womangidwa adziwe izi. Lamulo loyendetsera milandu, m'gawo 161G, limati woganiziridwa kupha asasungidwe kuposa masiku 90 mlandu usanayambe, ndipo m'gawo 161H limati khoti lingaonjezere masiku osaposa 30. Lembani tsiku lomwe anagwidwa komanso dzina la polisi yomwe inamugwira, chifukwa mapepala amachedwa kuchoka kupolisi kupita ku ofesi ya mkulu woimira boma pamilandu, masiku n'kumatha. Pitani ku Legal Aid Bureau ngati mulibe ndalama za loya. Chikalata chopempha belo chitchule komwe munthuyo amakhala, ntchito yake, banja lake ndi komwe akakhale akatuluka. Konzani anthu odalirika omuimira, kawirikawiri awiri, okhala ndi chiphaso cha unzika ndi malo odziwika, chifukwa khoti limayamba lawafunsa mafunso lisanamutulutse. Ambiri amapatsidwa belo koma n'kukhalabe m'ndende masabata angapo chifukwa omuimirawo sanafike kukhoti.

Wowerenga wanu,
Zomba