Mphunzitsi wa mpira apatsidwe nthawi yokwanira

Akonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa momwe timalembera ntchito aphunzitsi akuluakulu a mpira wamiyendo m'dziko muno.

Kinnah Phiri, yemwe adali katswiri womwetsa zigoli m'masiku ake, adatengera Flames ku mpikisano wa matimu a maiko a mu Africa wa AFCON ku Angola mu 2010, komwe tidagonjetsa Algeria 3-0. Meck Mwase ndiye adatipezera malo ku mpikisano wa AFCON wa ku Cameroon, komabe nthawi yonyamuka itayandikira, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM lidaika Mario Marinica wa ku Romania pamwamba pake. Marinica atadwala Covid-19, Mwase yemweyo ndiye adatsogolera anyamata pogonjetsa Zimbabwe 2-1. Kwa ine, uwu ndi umboni wokwanira woti aphunzitsi akwathu kuno ntchitoyi amaidziwa.

Sindikunena kuti akunja asamalembedwe ayi, chifukwa Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe adapambana zikho zambiri ndi Bullets, ndipo chomwe chidamuthandiza n'chakuti adakhalako zaka zingapo akuumba timu yake. Pempho langa n'lakuti ntchitoyi izilengezedwa poyera, ofunsira aziyesedwa potengera satifiketi za bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF ndi zomwe adachitapo kale, ndipo kontirakiti izifotokoza momveka zomwe mphunzitsi akuyenera kukwaniritsa.

Matimu ngati MAFCO ya kuno ku Salima nawonso atsate njira yomweyi, asamachotse munthu chifukwa wagonja masewero atatu pa bwalo la Chitowe.

Wokonda mpira,
Salima