Kalata yochokera ku Ulongwe, pa nkhani ya ziboliboli za mfuti

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno ku Ulongwe tonse tili bwino. Kalata yako ndaiwerenga, ndipo ndikufuna kukuyankha pa nkhani ya ziboliboli zopangidwa ndi mfuti zimene unakaona ku Maputo, zomwe ukuti zinakugwetsa misozi pamaso pa anzako mpaka unachita manyazi.

Manyaziwo uwasiye. Ukunena kuti za nkhondo ya pachiweniweni ya kuno ku Mozambique sukumbukirapo kanthu poti unali wamng'ono, koma usiku umene tinathawira ku Dedza unali kumsana kwa amayi ako, ndipo ankakutseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje kuti kulira kwako kusatiulule. Unakulira pakati pa anthu olankhula monong'ona mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, choncho sindikudabwa kuti chitsulo chadzimbiri chadzutsa zimene iwe unkayesa kuti mulibe mwa iwe.

Mfuti zimenezo zili ndi mbiri yake. Mu 1995 bungwe la matchalitchi achikhristu m'dziko muno, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kulandira mfuti zimene anthu anakwirira, n'kumawapatsa makasu, njinga ndi makina osokera, potsata mawu a pa Yesaya 2:4. Zidazo ankazidula n'kuzipereka kwa amisiri kuti aziwotcherere. Mpando wa mfuti umene mmisiri wina wotchedwa Kester anapanga mu 2001 uli ku British Museum ku London. Anthu akumeneko amayamikira luso, ndipo sakulakwa, koma munthu wa ku Angónia kapena ku Macanga akauyang'ana amayamba wazindikira mtundu wa mfuti, kenako nkhope ya amene anainyamula.

N'chifukwa chake sindikuvomereza maganizo ako otengera amayi ako kukaona ziboliboli za ku Maputozo modzidzimutsa akadzabwera kudzaona adzukulu. Iwe unalira n'kupepukidwa mumtima. Iwo mlongo wawo anatengedwa kumunda masana dzuwa likuswa mtengo, khasu lake n'kutsala mumzere, ndipo mpaka lero palibe manda oti akalozepo. Uyambe wawafotokozera bwinobwino chimene chili kumeneko, ndipo akakana, usawakakamize kapena kuwauza kuti akaona achira, pakuti zimenezo si iwe wodziwa.

Udzakumbukire za pamaliro a agogo ako. Kasiyamaliro atatulukira ndipo mbalule itayamba kulira, abambo ako aang'ono, omwe analowa tchalitchi kalekale n'kusiya zonse za kudambwe, anapita kukaima kuseri kwa nkhokwe, mapewa akugwedezeka. Palibe anawatsatira kapena kuwafunsa. Gule wamkulu yemweyo, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique, alendo amangomujambula pafoni akusekerera, pamene abambo ako aang'onowo ng'omayo inawabweretsera bambo wawo wamoyo, akuwamba chikopa pamoto.

Ana ako ndiye upite nawo, makamaka wamkuluyo amene wayamba kufunsa chifukwa chake iwe sukulu unayambira ku Malawi. Usawauze zoti aone. Uwasiye afunse okha, ndipo zimene zikukanike kuyankha uzilembe, ndidzawayankha ine mukadzabwera pa Khirisimasi. Zithunzi unajambulazo utumize pa foni yanga, osati ya amayi ako.

Ndine bambo ako.