Magetsi akazima ndege ili m'mwamba

Achimwene,

Kuno ku Nchalo dzuwa likuswa mtengo, koma tonse tili bwino. Mwafunsa ngati ndege imagwa magetsi ake akazima, poti ulendo wanu wochokera ku Johannesburg wayandikira. Mtima m'malo. Si ngati mdima uja wa mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira. Injini zimayakabe, ndipo magwero a magetsi m'ndege ndi angapo.

Titenge Airbus A320. Injini iliyonse imazunguza jenereta yake ya mphamvu ya 90 kVA (muyeso wa kukula kwa jenereta), yotulutsa mavolti 115. Kumchira kuli kainjini kotchedwa APU, nako kali ndi jenereta. Jenereta imodzi ikafa, inzake imasenza zonse, ndipo ndege imadula yokha magetsi a kukhitchini. Tiyi akachedwa musadandaule. Oyendetsa amayesa kuzimitsa ndi kuyatsanso jenereta yafayo, ikakana amayatsa APU. Mafuta a jeneretayo akatentha kwambiri amailumula ku injini, koma pamenepo pamafunika kuonetsetsa batani, chifukwa yolumulidwayo imalumikizidwanso ndege ikatera basi.

Majenereta onse awiri a injini akafa, APU isanayake, pamimba pa ndege pamatuluka kachipupiza kotchedwa RAT. Mphepo imakazunguza, iko n'kupopa mafuta a hydraulic omwe amayendetsa jenereta yaing'ono ya 5 kVA yokha. Pa masekondi pafupifupi 8 kasanagwire, mabatire awiri ndiwo amagwirizira. Kumbukirani dayinamo ya njinga: mukapalasa mofooka nyali imachita chizimezime. Ndi chimodzimodzi. Liwiro likatsika pansi pa 140 knots (pafupifupi makilomita 260 pa ola) kachipupizako kamatha kufooka, ndiye oyendetsa amaliyang'anira ngati mphika wa mkaka pamoto. Mabatire paokha amatha pakadutsa pafupifupi theka la ola.

Magetsi ochepawo amapita kofunika kokha. Autopilot, makina oulutsa ndege paokha, imachoka, masikirini ambiri amathima, amatsala a kumanzere, choncho kaputeni, yemwe amakhala mbali imeneyo, amagwira yekha chiwongolero. Mnzake amawerenga ndondomeko mzere ndi mzere. Wailesi imatsala imodzi, amaitana Mayday, mawu opemphera thandizo pangozi, n'kupempha bwalo lapafupi. Mapampu a mafuta akaima, mafuta amatsika okha kuchoka m'mapiko, ndipo mwina ndege imayenera kutsika m'munsi kuti injini zisatsamwe. Choopsa kwa ine si mdimawo ayi, koma onse awiri kutanganidwa ndi mabatani n'kuiwala kuulutsa ndege.

Mu 2001, Airbus A330 ya Air Transat inatha mafuta pamwamba pa nyanja ya Atlantic, injini zonse zinazima, koma inakatera ku Azores RAT ikuzungulira, popanda womwalira. Boeing 737, ngati za Malawi Airlines, ilibe kachipupizako: imadalira APU ndi mabatire, ndipo ziwongolero zina zimakokeka ndi zingwe.

Mukadzaona nyali zaphethira, mangani lamba, mumvere ogwira ntchito m'ndegemo. Mutiuze tsiku lofika ku Chileka. Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa ku Nchalo